Disiki ya 4TB Ikuoneka ngati ya 2TB: Momwe Mungagwirizanitsire Motherboard, UEFI ndi Disiki Yaikulu

Ojambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, masitudiyo a nyimbo, ndiponso anyamata oika mafilimu m'mafoni ku Ndirande, Bangwe kapena Chirimba ndiwo amene disiki imawadzadzira msanga. Munthu wasunga ndalama, wagula hadi disiki ya 4TB ku Limbe, wafika nayo n'kuilumikiza. Potsegula Disk Management, chida cha Windows choonetsa madisiki, akupeza malo awiri: ena a 2048 GB, ena a 1678 GB okhala ndi mzere wakuda pamwamba, ndipo achiwiriwo akawadina palibe chomwe akulola. Ena disiki ikuoneka yonse koma Windows ikukana kulowamo. Ambiri amathamangira kwa wogulitsa kuti awabwezere ndalama, pomwe disikiyo ili bwinobwino. Chomwe chasemphana ndi zinthu zitatu: mmene firmware (pulogalamu yokhala mu motherboard, bolodi lalikulu la kompyuta, kaya ndi BIOS yakale kapena UEFI yatsopano) ikudzutsira kompyuta, mmene disiki yagawidwira, ndi mmene fulashi yoikira Windows yakonzedwera. Zitatuzi zikagwirizana, ntchito yatha.

Malire a 2TB achokera kuti

Disiki iliyonse imakhala ndi kaundula koyambirira kwake wonena kuti chigawo chakuti chayambira apa n'kuthera apo. Kaundula wakale ndi MBR, amene anayamba mu 1983. Amawerenga timagawo ting'onoting'ono ta disiki, totchedwa sector, ndi nambala ya ma bit 32, choncho sangapitirire timagawo 4,294,967,296. Kagawo kalikonse ndi ka ma byte 512. Mukachulukitsa mupeza 2.2TB, yomwe Windows imailemba kuti 2048 GB. Malo onse opitirira pamenepo MBR ilibe nambala yowatchulira. N'chifukwa chake disiki ya 3TB imasiya 746 GB panja, ya 4TB imasiya 1678 GB.

Kaundula watsopano ndi GPT. Amagwiritsa ntchito ma bit 64, kotero palibe disiki yogulitsidwa lero imene ingamudzaze. Amalola zigawo 128 mu Windows pomwe MBR imalola zinayi zokha zikuluzikulu, ndipo amasunga kope lachiwiri la kaundulayo kumapeto kwa disiki, lothandiza loyambalo likaonongeka.

Musasokoneze vuto limeneli ndi kusiyana kwa kawerengedwe. Disiki ya 4TB yabwinobwino imaoneka ngati 3726 GB, ya 2TB ngati 1863 GB, ya 1TB ngati 931 GB. Opanga amawerenga m'ma 1000, Windows imawerenga m'ma 1024. Pamenepo palibe amene wakuberani.

Mfundo imene imapulumutsa anthu ambiri ndi iyi: kusunga mafayilo pa disiki ya GPT n'kosiyana ndi kudzutsira kompyuta pa disiki ya GPT. Ngati disiki yaikuluyo ndi yongosungira mavidiyo, Windows 7 kapena 10 iiwerenga ngakhale motherboard ili ya BIOS yakale, chifukwa Windows ikadzuka imalankhula ndi disiki yokha osadzeranso mu BIOS. Koma kuti Windows ikhale pa disiki ya GPT n'kumadzukira pomwepo, kapena kubuta monga amanenera amisiri, motherboard iyenera kukhala ndi UEFI, ndipo pa makompyuta wamba Windows yake ikhale ya 64-bit. Windows XP ya 32-bit siiwerenga n'komwe GPT.

Yambani ndi kudziwa zomwe muli nazo

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani msinfo32, dinani Enter. Pezani mzere wa BIOS Mode. Ukanena UEFI, muli pabwino. Ukanena Legacy, sizikutanthauza kuti motherboard ilibe UEFI, zikungosonyeza kuti Windows imene ilipoyo anaiika m'njira yakale. Makompyuta ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito amene amafika muno mu Blantyre kuchokera kunja ali choncho: UEFI ilimo, koma woika Windows anasankha Legacy.

Kuti mutsimikize, lowani mu firmware. Pa Dell dinani F2 kompyuta ikangoyaka, pa HP F10, pa Lenovo ThinkCentre F1, pa motherboard za ASUS, Gigabyte, MSI ndi ASRock dinani Del. Pitani pa Boot. Dell imalemba Boot List Option ndipo mumasankha Legacy kapena UEFI. HP imalemba Legacy Support. ASUS imati Launch CSM, Gigabyte imati CSM Support. CSM ndi gawo la UEFI limene limadzisandutsa BIOS yakale kuti zinthu zakale zigwire ntchito, ndiye mukaona mawu amenewo dziwani kuti UEFI ilimo.

Zaka za motherboard zimathandizanso kuyerekeza. UEFI inafala kuyambira cha m'ma 2011, nthawi ya soketi ya purosesa ya LGA1155. Dell OptiPlex 7010 ili nayo. Motherboard za LGA775 za Core 2 Duo, monga za G31 ndi G41, pafupifupi zonse ndi za BIOS yakale basi. Kumbali inayo, makompyuta ambiri atsopano opangidwa kuyambira cha m'ma 2020 alibenso CSM, moti disiki ya MBR yochotsedwa mu kompyuta yakale siidzukamo.

Kenako onani disikiyo. Windows ndi R, lembani diskmgmt.msc. Dinani ndi batani lakumanja la mausi pa bokosi lakumanzere lolembedwa Disk 0 kapena Disk 1, osati pa chigawo, sankhani Properties, kenako Volumes. Pa Partition style palembedwa MBR kapena GPT.

Ngati disiki yaikulu ndi yosungira mafayilo

Iyi ndi njira yosavuta, ndipo ndi imene timailimbikitsa kwa aliyense amene ntchito yake ndi mavidiyo kapena nyimbo. Windows ikhale pa SSD (disiki yothamanga yopanda mbale zozungulira) yaing'ono ya 256GB kapena 512GB, disiki yaikulu ikhale nkhokwe. Kompyuta imathamanga kwambiri, ndipo Windows ikadzafa mumaika ina osakhudza ntchito za makasitomala.

Disiki yatsopano ikangolumikizidwa, Disk Management imafunsa kuti muisankhire MBR kapena GPT. Sankhani GPT, dinani kumanja pa malo akudawo, New Simple Volume, NTFS, basi.

Ngati inaikidwa kale pa MBR, koperani kaye mafayilo onse kwina, chifukwa njira yotsatirayi imafufuta zonse. Tsegulani Command Prompt ngati administrator ndipo lembani mizere iyi umodziumodzi:

diskpart
list disk
select disk 1
clean
convert gpt

Imani pa list disk. Onani kukula kwa disiki iliyonse musanalembe nambala. Nambala 1 ndi chitsanzo chabe, kwa inu ikhoza kukhala 0 kapena 2. Lamulo la clean silifunsa kawiri, ndipo likagwera pa disiki yolakwika zigawo zonse zimasowa m'kamphindi. Ngati pali hadi disiki yakunja kapena fulashi yolumikizidwa, ichotseni musanayambe kuti mndandanda ukhale waufupi. Mukalembanso list disk, disiki ya GPT imakhala ndi kanyenyezi kumapeto kwa mzere wake.

Kuika Windows pa disiki yaikulu

Pezani fulashi ya 8GB kapena kuposa. Mu Rufus, pulogalamu yokonzera fulashi yoikira Windows, sankhani fayilo ya ISO ya Windows ya 64-bit, pa Partition scheme sankhani GPT, ndipo Target system isintha yokha kukhala UEFI. Kungokopera mafayilo pa fulashi ya FAT32 nthawi zambiri sikutheka masiku ano, chifukwa fayilo ya install.wim imaposa 4GB ndipo FAT32 siilola fayilo yotero. Rufus kapena Media Creation Tool ya Microsoft zimadziwa kulambalala vutoli.

Zimitsani kompyuta, tsomolani chingwe cha SATA (cholumikiza disiki ku motherboard) pa madisiki ena onse, musiye yokhayo yoikamo Windows. Mukapanda kutero, Windows imatha kuika kachigawo kodzutsira pa disiki ina, ndiye tsiku limene mudzachotse disiki imeneyo kompyuta idzangoti ziii.

Mu firmware sankhani UEFI, zimitsani CSM kapena Legacy Support, ndipo SATA mode ikhale AHCI. Sungani, yatsaninso, tsegulani boot menu, mndandanda wosankhira podzukira kompyuta: F12 pa Dell, Lenovo ndi Gigabyte, F9 pa HP, F8 pa ASUS, F11 pa MSI ndi ASRock. Apa m'pamene ambiri amaphonya. CSM ikakhala yoyaka, fulashi imodzi yomweyo imatha kuoneka kawiri, kamodzi ndi dzina lake lokha, kachiwiri ndi mawu akuti UEFI patsogolo. Mzere umene mwasankha ndi umene umalamula mmene Windows ilowere. Sankhani wa UEFI.

Mauthenga awiri amene Windows imatulutsa ikakana amakuuzani mbali imene mwaphonya. Ikanena kuti "The selected disk is of the GPT partition style", mwadzutsa fulashi m'njira ya Legacy pomwe disiki ndi ya GPT. Musakhudze disiki, bwererani ku boot menu mukasankhe UEFI. Tikuona amisiri ena akusandutsa disiki kukhala MBR kuti uthengawo uchoke, ndipo umachokadi, koma pa disiki ya 4TB ndiye kuti ataya pafupifupi theka la malo amene kasitomala analipira. Ikanena kuti "The selected disk has an MBR partition table", fulashi mwaidzutsa bwino, disiki ndiyo yotsalira. Dinani Shift ndi F10, patseguka zenera lakuda, chitani diskpart ija mutaonetsetsa nambala ya disiki pa list disk, tsekani, dinani Refresh.

Sankhani malo opanda kanthuwo n'kudina Next. Windows ipanga yokha kachigawo ka EFI ka FAT32 ka 100MB kapena kuposerapo pang'ono, ka MSR ka 16MB, chigawo chachikulu, ndi ka Recovery. Tizigawo ting'onoting'onoti musatifufute. M'ka EFI m'mene muli mafayilo odzutsa kompyuta.

Chenjezo limodzi pa kuzimitsa CSM: makadi akale a graphics, makamaka a zaka zisanafike 2012 kapena 2013, ambiri sadziwa kuonetsa chithunzi pa UEFI yokha. Mukazimitsa CSM sikirini n'kukhala yakuda, chotsani kadiyo mulumikize monita pa VGA kapena HDMI ya motherboard, kapena bwezeretsani firmware pochotsa kabatire kozungulira ka pa motherboard kwa mphindi zingapo magetsi atatsomoledwa. Pa makina otere siyani CSM yoyaka, muzingosankha UEFI pa madisiki. Windows 7 ya 64-bit nayo imafuna CSM yoyaka ndi Secure Boot (chitetezo cha UEFI cha podzuka) yozimitsa, ngakhale ili pa GPT.

Windows ilipo kale ndipo simukufuna kuifufuta

Izi zimachitika mukakopera Windows yonse kuchokera pa disiki yaing'ono kupita pa yaikulu, kapena mukafuna kusamukira ku Windows 11, imene imafuna UEFI, Secure Boot ndi kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0. Nkhaniyi yakula chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 wamba pa 14 October 2025. Kuyambira Windows 10 version 1703 muli chida cha mbr2gpt chosintha disiki popanda kufufuta mafayilo.

Musanachiyambe tsimikizani kuti motherboard ili ndi UEFI, chifukwa mukasintha pa makina opanda UEFI kompyuta siidzukanso ndipo chidachi sichibwerera m'mbuyo. Sungani mafayilo ofunika kwina. Ngati BitLocker, loko ya Windows yotsekera mafayilo a pa disiki, ili yoyaka, iimitseni kaye. Kenako mu Command Prompt ya administrator lembani:

mbr2gpt /validate /disk:0 /allowFullOS

Ikavomera, lembani:

mbr2gpt /convert /disk:0 /allowFullOS

Ikakana, kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti disiki ili ndi zigawo zikuluzikulu zoposa zitatu, kapena ili ndi extended partition yokhala ndi ma logical drive. Samutsani mafayilo a D kapena E, fufutani zigawo zimenezo, yesaninso. Ikamaliza, yatsaninso kompyuta n'kulowa mu firmware nthawi yomweyo, sinthani kupita ku UEFI, ndipo Windows Boot Manager ikhale yoyamba pa mndandanda. Mukaiwala, muona uthenga woti palibe disiki yodzukirapo, ngakhale zonse zili momwemo. Malo aja opitirira 2TB tsopano atseguka. Ngati kachigawo ka Recovery kali pakati n'kumaletsa kukulitsa C, musalimbane nako, pangani chigawo chatsopano pa malo otsalawo.

Motherboard yopanda UEFI, ndi za NVMe

Pa G41 ndi anzake, yankho ndi lomwe lija: SSD yaing'ono ya MBR ya Windows, disiki yaikulu ya GPT ya mafayilo. Mapulogalamu ena akale opangitsa malo otsalawo kuoneka ngati disiki yachiwiri musawakhulupirire, chifukwa disikiyo ikapita pa kompyuta ina mafayilo aja saoneka. Ogwiritsa ntchito Linux ali ndi mwayi: GRUB, pulogalamu yodzutsa Linux, imadzuka pa GPT ngakhale pa BIOS yakale, bola mupange kachigawo ka 1MB kokhala ndi chizindikiro cha bios_grub.

NVMe, mtundu wa SSD yothamanga kwambiri yosadzera pa SATA, ili ndi lamulo lofananako. Mutha kugula adaputa ya PCIe, kuikamo SSD ya NVMe, n'kuilowetsa mu kompyuta ya 2012, ndipo Windows 10 iiona ngati malo osungira. Koma kuti kompyuta idzukirepo, firmware iyenera kukhala ndi draiva ya NVMe, ndipo zimenezi zinayamba kufala cha m'ma 2014 ndi chipset za Z97 ndi X99. Pogula onaninso mano ake: SSD ya M.2 (yopyapyala, yolowa mu soketi yake pa motherboard) yokhala ndi mipata iwiri kawirikawiri ndi ya SATA, ya mpata umodzi ndi ya NVMe, ndipo si soketi zonse za M.2 zimene zimalandira mitundu yonse iwiri. Pa motherboard zambiri kuika SSD mu M.2 kumazimitsa madoko amodzi kapena awiri a SATA. Disiki yanu yaikulu ikasowa mutangoika M.2, samutsani chingwe chake kupita pa doko lina musanaganize kuti yapsa. Pa makompyuta atsopano a Intel, Windows ikapanda kuona SSD poika, yang'anani VMD kapena RAID On mu firmware: musinthe kupita ku AHCI, kapena muike draiva ya Intel RST kudzera pa Load driver.

Zonse zili bwino koma ikukanabe

Disiki ya 3TB imene ikuoneka yonse ngati 746 GB, osati magawo awiri, vuto lake ndi draiva yakale ya SATA. Madraiva a Intel RST a m'mbuyo mwa 10.1 anali ndi vuto limeneli. Ikani draiva yatsopano kapena bwererani ku ya Microsoft ya Standard SATA AHCI Controller, ndipo musasungepo kanthu kufikira kukula kwake kutaoneka kolondola, chifukwa draiva yotere imatha kulemba mafayilo atsopano pamwamba pa akale.

Disiki imene siikuzungulira n'komwe, makamaka zikuluzikulu zochokera m'maseva kapena zochotsedwa m'mabokosi a USB, mwina ili ndi Power Disable. Pa madisiki amenewa, pini yachitatu ya pulagi ya magetsi ya SATA ikalandira 3.3V disiki imakhala chigonere, ndipo ma power supply akale amapereka 3.3V pa pini imeneyo nthawi zonse. Gwiritsani ntchito adaputa ya Molex kupita ku SATA, imene ilibe waya wa 3.3V, kapena phimbani pini yachitatu ndi katepi kopyapyala ka Kapton. Adaputa sankhani yolimba, chifukwa zotchipa zoumbidwa ndi pulasitiki zimadziwika ndi kusungunuka.

Mabokosi a USB nawonso amasocheretsa. Akale ena sapitirira 2TB. Ena amauza kompyuta kuti timagawo ta disiki ndi ta ma byte 4096 m'malo mwa 512, ndiye mukachotsa disikiyo n'kuilumikiza mwachindunji pa SATA, Windows imati ndi RAW ndipo ikufuna kufomatidwa. Musavomere. Ibwezereni m'bokosi lake, mafayilo aonekanso, muwakopere kwina, kenako muikonzenso.

Ndiye pali kabatire ka CR2032 ka 3V, kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kamene kamasunga zomwe mwasankha mu firmware. Pa kompyuta ya zaka khumi kamakhala katatha, koma simudziwa chifukwa pulagi ikakhala pakhoma motherboard imalandirabe magetsi pang'ono. Magetsi akangothima, firmware imabwerera ku zakufakitale: UEFI imasanduka Legacy, AHCI imasanduka RAID kapena IDE, ndipo m'mawa mukupeza No boot device kapena sikirini yabuluu ya INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Chizindikiro chake ndi tsiku ndi nthawi zobwerera m'mbuyo. Musaike Windows yatsopano. Sinthani batire, bwezani zosankha ziwirizo mmene zinalili, kompyuta idzuka. N'chifukwa chake ndi bwino kujambula ndi foni masamba a Boot ndi SATA tsiku limene zonse zikuyenda.

Kusintha firmware kukhala yatsopano kumathandiza nthawi zina, makamaka pa motherboard za 2011 mpaka 2014 zimene UEFI yake inali isanakhwime. Koma chitani pokhapokha zolembedwa za opanga zikutchula vuto lanulo. Tengani fayilo pa webusaiti ya opanga, ya modelo yeniyeni ndi revision yolembedwa pa motherboard penipenipo, iikeni pa fulashi ya FAT32, ndipo gwiritsani ntchito chida cha mu firmware momwemo: EZ Flash pa ASUS, Q-Flash pa Gigabyte, M-Flash pa MSI. Ntchitoyi imatenga mphindi zochepa, koma magetsi akathima ili pakati motherboard ikhoza kusadzukanso. Lumikizani kompyuta ku UPS yochajidwa bwino kapena ku inveta, ndipo nyengo ya dzinja musaiyambe kunja kukuchita mabingu.

Disiki yaikulu yogwiritsidwapo kale ntchito, monga zochotsedwa m'makina a CCTV, iyeseni musanaidalire. Pulogalamu ya CrystalDiskInfo ikuonetsani maola amene yagwira ntchito ndi mizere ya Reallocated Sectors Count ndi Current Pending Sector Count. Ikaonetsa Caution yachikasu, ibwezeni. Ikaonetsa Good, ifomateni mutachotsa chizindikiro pa Quick Format kuti Windows ilembe disiki yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Pa 4TB zimatenga maola ambiri, mwina usiku wonse, koma zimatsimikiza kuti malo opitirira 2TB akulembekadi musanaikepo vidiyo ya ukwati wa munthu.